Kumanga uvuni wa njerwa wophikira pizza pakhomo ku Mzuzu

Uvuni wa pizza ndi kachipinda ka njerwa kooneka ngati mphika wovundikira, komwe moto umayaka m'kati momwemo pambali pa chakudya. Njerwa zimamwa kutentha kwa moto kenaka n'kumakubweza: za pansi zimapsetsa kunsi kwa pizza, za denga zimapsetsa pamwamba pake. Zolepheretsa zake ndi ziwiri, kutentha kothawira mu konkire ndi madzi olowa m'njerwa. Kuno ku Mzuzu madzi ndiwo mdani wamkulu. Mvula imachedwa kusiya, ndipo m'miyezi ya June ndi July kumakhala mawawa ndi nkhungu zoti dothi siliuma. Choncho mangani pakati pa August ndi October, uvuni ukhale utauma ndiponso utafoleredwa mvula yoyamba isanagwe.

Miyezo ili m'munsimu ndi ya uvuni wa masentimita 90 m'mimba mwake, wokwana banja komanso kabizinesi kakang'ono. Denga lake m'kati lidzatalika masentimita 45. Khomo lidzakhala masentimita 45 m'lifupi ndi 28 kutalika. Nambala ya 28 musaisinthe mwachisawawa: khomo limayenera kukhala pafupifupi magawo 63 pa 100 a kutalika kwa denga. Likatalika kuposa apo, moto umatuluka usanatenthetse njerwa. Likafupika, utsi umadzaza m'kati ndipo moto umabanika.

Konzani njerwa zootcha 200, mabuloko a simenti omangira tebulo lokhalapo uvuni, matumba 7 a simenti a makilogalamu 50, thumba limodzi la laimu, mchenga wa mumtsinje, miyala ya kwale, zitsulo zolimbitsira konkire za Y12 (zokhuthala mamilimita 12), dothi la pachulu, mabotolo agalasi opanda kanthu pafupifupi 100, matumba 5 a utuchi, waya wa khola la nkhuku ndi paipi yachitsulo ya masentimita 15 m'mimba. Laimu wake akhale wa omanga, uja timapaka m'makoma, osati wothira m'munda.

Pa njerwa musapupulume. Ngati mungapeze njerwa za ku fakitale zopangidwira moto, gulani zokwana 50 muziike pansi pophikira. Apo ayi, njerwa zathu zomwezi zimagwira ntchito, bola musankhe nokha imodziimodzi pa ng'anjo. Gogodani ziwiri: yopsa bwino imalira kuti ngwee, yosapsa imangoti phu ndipo imasiya fumbi m'manja. Za kunja kwa ng'anjo zimakhala zosapsa, za pakamwa pa moto zimakhala zakuda ndi zopindika. Inu mukufuna zapakati, zofiira mofanana. Pewani za timiyala toyera m'kati, chifukwa zimathetheka zikatentha ndipo tizidutswa timagwera m'chakudya. Tengani zitatu, muziviike m'madzi usiku wonse, muziumitse, kenaka muziponye pamoto waukulu. Zikatuluka zamphumphu, gulani pa ng'anjo imeneyo. Mabuloko a simenti asayandikire moto, ntchito yawo ndi ya tebulo basi.

Tebulolo ndi ntchito yomwe mmisiri aliyense amaidziwa. Kumbani mpaka mupeze dothi lolimba, makamaka ngati poloti yanu ili pamtsetse monga zilili m'madera ambiri a mzinda uno, ndipo thirani konkire ya masentimita 160 ndi 180, yokhuthala 12, posakaniza simenti 1, mchenga 2, kwale 4. Mangani makoma atatu a mabuloko otalika masentimita 80, kutsogolo kutseguke posungira nkhuni. Pamwamba thirani silabu ya masentimita 150 ndi 170, yokhuthala 10, zitsulo zitalukidwa motalikirana masentimita 20. Konkire isanaume, zikani tizidutswa tinayi ta paipi yaing'ono chapakati, tobowoleza mpaka pansi, kuti chinyezi chikadzalowa chidzapeze potulukira. Muzithirira silabuyo masiku 7.

Pano ndi pomwe ma uvuni ambiri amalakwikira. Mukayala njerwa zophikira pa konkire penipeni, konkireyo imamwa kutentha ngati mchenga ukumwa madzi. Mudzatha mtolo wonse wa nkhuni, denga lidzayaka, koma pizza idzatuluka yopserera pamwamba ili yaiwisi pansi. Pakati pa silabu ndi njerwa pamafunika chinthu chopepuka, chodzaza ndi mpweya. Zungulizani m'mphepete mwa silabu ndi kakhoma ka njerwa kotalika masentimita 15. M'katimo gonekani mabotolo opanda zitsekero, kusiya mpata wa chala pakati pawo kuti akatentha asakankhane. Sungunulani dothi la pachulu m'madzi likhale ngati phala lopyapyala, ndipo ndowa imodzi ya phalalo muisakanize ndi ndowa 3 kapena 4 za utuchi. Utuchi suvuta kuno, popeza matabwa a ku Chikangawa amachekedwa ndi kupalidwa paliponse. Mankhusu a mpunga nawonso amachita bwino. Mukafumbata chosakanizacho chiumbike koma chisadonthe. Tsirani m'mipata yonse mpaka mabotolo abisike, masentimita 10 onse pamodzi. Pamwamba pake tsindirani masentimita 4 a dothi 1 ndi mchenga 3, muwongole ndi levulo, musiye ziume mpaka chala chisalowe.

Njerwa zophikira zimayalidwa popanda matope. Wazani mchenga wosefa wokhuthala sentimita imodzi, muyale njerwa chogona, mbali yosalala m'mwamba, zogundana kwambiri, ndiponso mopingasa kuti mizere yake isayang'anizane ndi khomo. Mizere yoyang'anizana ndi khomo imakola fosholo yolowetsera pizza. Yendetsani thabwa pamwamba. Njerwa yotumphuka muigogode ndi mpini, kapena muikhule ndi njerwa inzake. Timipata totsala phulusa lidzatseka lokha.

Matope omangira denga si a nyumba ayi. Simenti wamba imafooka ikatentha kupitirira madigiri 300, pamene uvuni uwu umafika 450. Sakanizani mchenga wosefa 3, dothi la pachulu louma losinja ndi kusefa 1, laimu 1, simenti 1. Simenti imagwira njerwa masiku oyamba, ikadzafooka laimu ndi dothi zimatsala zikugwira. Kandani pang'onopang'ono, ongokwana theka la ola, ndipo valani magolovesi chifukwa laimu amadya khungu. Amene alibe laimu angagwiritse dothi 1 ndi mchenga 2 popanda simenti, monga amangira ma uvuni akumudzi, koma pamenepo madzi asakhudze n'komwe.

Panjerwa zophikirazo pezani pakati pa bwalo la uvuni, mukhomepo kathabwa kokhala ndi msomali, mumangirirepo ndodo ya masentimita 45 yotha kuzungulira ndi kukwera. Ndodo imeneyi ndiyo mmisiri wa denga lonse. Yambani ndi khomo: dulani mathabwa awiri opindika ngati uta pa muyezo wa 45 ndi 28, muwaimike pa timitengo topyapyala kuti podzachotsa mudzangosolola timitengoto, ndipo mangani njerwa mozungulira utawo. Kenaka dulani njerwa pakati, mbali yosadulidwa iziyang'ana m'kati. Njerwa iliyonse muiviike m'madzi kamphindi, chifukwa youma imayamwa madzi a m'matope nthawi yomweyo ndipo sigwira. Nkhope yake igunde nsonga ya ndodo, ndipo ipendekere kuloza pamsomali. M'kati njerwa zigundane, mpata usapitirire mamilimita 3. Mpata waukulu utsale kunja, komwe mudzatseke ndi matope ndi tizibenthu ta njerwa. Matope ochuluka m'kati amadzagumuka n'kugwera pa chakudya. Mzere uliwonse uphimbe mipata ya mzere wapansi, chifukwa mipata ikalunjikana mng'alu umayenda kuchoka pansi mpaka pamwamba.

Mizere idzakhala pafupifupi 9. Isanu yoyamba imakhazikika yokha. Kuyambira wa 6 njerwa zimayamba kutsetsereka, ndipo m'pofunika kuzidula zing'onozing'ono, magawo atatu pa njerwa imodzi. Chotsani ndodo, muunjike mchenga wonyowa m'kati, mawilibala pafupifupi 3, muuumbe motsata denga, muuphimbe ndi nyuzipepala zonyowa kuti matope asamatirire ku mchenga. Njerwa yomaliza ya pamwamba muiseme ngati chivindikiro chosongoka, ilowe mothina pogogoda ndi mpini. Pakapita masiku awiri fukulani mchenga kudzera pakhomo, mulowetse mutu ndi tochi, mupukute matope otuluka ndi chiguduli chonyowa asanalimbe.

Chumuni sichikhala pamwamba pa denga. Mukabowola pamenepo mwapanga mbaula, kutentha konse kudzathawira kumwamba. Chimakhala kutsogolo kwa khomo. Mangani uta wachiwiri masentimita 25 kutsogolo kwa woyamba, wokulirapo ndi masentimita 3 mbali zonse kuti chitseko chidzapeze potsamira. Pakati pa mauta awiriwo siyani mpata pamwamba, muuchepetse ndi njerwa mpaka ukwane paipi, yotalika mita imodzi kapena kupitirira. Paipi ikhale ya chitsulo chakuda. Yonyezimira ngati malata imatulutsa utsi woipa ikatentha kwambiri.

Denga lonse likuteni ndi chosakaniza chija cha dothi ndi utuchi, masentimita 10, kuyambira pansi kukwera, osatsindira kwambiri. Musapake pulasitala tsopano. M'njerwa ndi m'matope muli madzi ndowa zingapo, ndipo madzi akasanduka nthunzi amafufuma kuposa ka 1,600. Mukawatsekera ndi simenti n'kusonkha moto waukulu, adzadzipezera njira pong'amba denga. Dikirani masiku 14 uvuni uli wofunditsidwa usiku ndi wovundukulidwa masana. Kenaka yambani timoto. Tsiku loyamba, makala ochepa a pambaula pakati pa uvuni kwa maola angapo. Lachiwiri, tinkhuni tonga zala. Muziwonjezera tsiku lililonse kwa sabata, malawi asafike padenga mpaka tsiku lachinayi. Kuti mudziwe ngati madzi atha, yalani pepala la pulasitiki kunja kwa denga moto uli m'kati. Likachita thukuta, pitirizani timoto. Likakhala louma, kutani ndi waya wa nkhuku, mupake pulasitala wa simenti 1, laimu 1, mchenga 5, wokhuthala masentimita 2.

Pulasitala yekha sangalimbane ndi mvula ya kuno. Imikani chisakasa cha malata chopitirira uvuni ndi theka la mita mbali zonse, paipi ituluke pamwamba patali ndi mitengo ya denga, ndipo ivale kachipewa. Khomo lisayang'ane komwe mphepo imachokera pakhomo panu. Uvuni wonyowa umadziwika msanga: umafuka utsi, sufika kutentha, ndipo umafunika timoto tija kuyambiranso.

Timing'alu tonga tsitsi tidzaoneka m'kati, musade nkhawa. Njerwa zimafufuma ndi kubwerera. Mng'alu wolowa ndalama yachitsulo, kapena wotulutsa utsi kunja, muutseke ndi matope omwe aja uvuni utazizira. Mukagwira pamwamba pa uvuni moto uli ngwangwangwa n'kupsa dzanja, utuchi wachepa, wonjezerani.

Nkhuni zikhale zouma, zowaza ngati mkono. Bulugamu wouma bwino amapereka makala okhalitsa. Paini amayaka msanga ndipo ndi wabwino poyatsira, koma utomoni wake umathetheka ndi kudzaza mwaye m'chumuni. Matabwa opaka penti kapena mankhwala a chiswe asalowemo n'komwe. Sonkhani moto pakati, chitseko chili chochotsa. Poyamba denga limada bii ndi mwaye. Pakatha ola limodzi ndi theka kapena awiri, pamwamba pamayamba kuyera, ndipo kuyerako kumatsika m'mbali. Apo njerwa zafika madigiri pafupifupi 400. Kankhirani makala mbali imodzi, mupukute pansi ndi chiguduli chonyowa pang'ono chomangirira ku mtengo, muike nkhuni imodzi pamakala kuti lawi lizinyambita denga. Wazani kaufa pansi n'kuwerenga: kakada musanafike pa 5, dikirani, kakafiira mukufika pa 10, lowetsani. Pizza yopyapyala imapsa m'mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo muitembenuze kamodzi kuti mbali ya kumoto isapserere. Mukamaliza, fukulani makala, mutseke chitseko mpaka kutentha kutsike kufika madigiri cha m'ma 230, mulowetse buledi kapena masikono. Mbatata ndi mphika wa nyemba zilowe pambuyo pake, zigone momwemo mpaka m'mawa.