Kusamalira wodwala leukaemia pakhomo magazi akatsika ndi kemo

Ngati ndinu gadiyani wa wodwala khansa ya m'magazi ija madokotala amati leukaemia, yambani mwamvetsa kaye kuti magazi amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa, fakitale yake ili mmenemo. Matendawa amadzaza mmenemo ndi maselo oyera osakhwima omwe alibe ntchito koma kungoswana ngati namsongole m'munda, ndiye maselo abwino amasowa pomera. Kemo, mankhwala amphamvu aja olimbana ndi khansa, ikabwera imapha oipawo inde, koma siisankha, imagwira chilichonse chomwe chikuswana mwachangu, nchifukwa chake tsitsi limathothoka, m'kamwa mumachita zilonda ndipo magazi amayamba atsika kaye asanakwere.

Ndiye lembani deti lomwe walandira kemo. Nthawi zambiri magazi amatsikitsitsa pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, nkumabwerera pofika sabata yachitatu kapena yachinayi. Masiku apakatiwo ndi ofunika kukhala tcheru, olo wodwalayo akuseka bwinobwino.

Choopsa kwambiri ndi kuchepa kwa maselo oyera abwino, asilikali aja oteteza thupi ku matenda. Gulani themomita ku famase, musamangogwira pachipumi. Thupi likafika madigiri 38 pitani kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pausiku kaya kukugwa mvula, osati kumupatsa Panado nkumati tione mawa ayi, Panado amangobisa kutenthako pamene tizilombo tikuyenda m'magazi opanda owaletsa. Mukafika nenani poyambirira kuti ali pa kemo, asakuikeni kumapeto kwa mzere. Kunyumba agone m'neti, madzi akumwa muziwiritsa, ndiwo zizipsa bwino, aliyense azisamba m'manja ndi sopo. Odzazonda odwala amene akutsokomola, kapena mwana wa katsabola kapena chikuku, abwezeni mwaulemu. Adzakwiya inde, koma adzaiwala.

Tizidutswa towumitsa magazi tija amati ma platelets tikachepa mumaona kamfuno, magazi m'nkhama potsuka mkamwa, timadontho tofiira pakhungu, kapena mabala akuda munthu asanagundidwe paliponse. Mswachi ukhale wofewa. Aspirin, Brufen ndi diclofenac ayi ndithu. Ndipo chonde achibale akabwera ndi zokatema mphini kanani, lezala pa munthu wotereyu ndi ngozi ziwiri, magazi osasiya kutuluka ndi bala lolowetsa matenda. Kamfuno akayamba akhale pansi aweramire kutsogolo, tsinani mphuno mphindi 10 osasiya, akapanda kuleka thamangani naye.

Maselo ofiira amakhala masiku ngati 120 ndiye amatsika pang'onopang'ono, mumangoona zikhatho zayera, befu poyenda pang'ono, mtima kuthamanga, chizungulire. Apa mpomwe anthu timalakwitsa, tikamva zoti magazi achepa timathamangira masamba a mapeyala ndi chidede. Vuto si kusowa chakudya, ndi fakitale yomwe yaima, ndiye olo mapilisi a ayironi musamupatse dokotala asananene. Adye bwino inde, koma Hb, muyeso uja wosonyeza ngati magazi achepa, ikatsikitsitsa chomwe chimathandiza ndi kuikidwa magazi basi.

Pa ulendo uliwonse wokalandira kemo, kaya ndi ku Queens kapena ku Kamuzu Central, funsani zotsatira za FBC, kuyeza kuja kowerenga maselo a m'magazi, muzilembe m'buku lakuchipatala, ndipo akakubwezani kuti lero kemo sapereka chifukwa magazi sanakwere musakhumudwe, akudikira mafupawo apume. Achibale athanzi aja amangofunsa kuti tithandize chani, atumizeni ku MBTS, bungwe lotolera magazi, akapereke magazi, ma platelets sasungika kupitirira masiku ochepa ndiye amafunika atsopano nthawi zonse.