Mbiri ya mlimi ifunseni kumunda

Ngati muli ndi agogo omwe akhala akulima moyo wawo wonse, musawafunse mbiri yawo atakhala pampando. Sayankha zambiri. Pitani nawo kumunda foni ikujambula mawu, muwasiye aziloza okha: pomwe madzi amadikha, pomwe nthaka inaguga, mtengo womwe anadzala mwana woyamba atabadwa. Alimi ambiri amakumbukira zaka potengera mvula ndi zokolola, ndiye funsani za chaka cha chilala, osati deti. Mawuwo muwasunge pawiri, foni imatayika.

Ngati anatisiya kale, kachezeni ndi omwe anayandikana nawo munda. Amadziwa zomwe ana sanaone. Mbewu yomwe ankasunga ija dzalaniko mzere umodzi mvula ikagwa, isanafumbwe.