Momwe mungapezere ndalama zoyambira kafukufuku wa umoyo wa m'maganizo wa achinyamata kuno ku Harare

Mwamaliza digiri yachiwiri kapena muli mkati mwa PhD, mtima wanu uli pa achinyamata amene akuvutika maganizo ku Mabvuku, ku Epworth kapena ku Mbare, koma m'thumba muli mbee. Ndalama za ntchito imeneyi zilipo. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO likuti mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo, ndipo opereka thandizo akuzidziwa zimenezi. Chimene chimagwetsa ambiri ndi kuthamangira kudzaza fomu zinthu zina zisanakonzeke. Tsatirani ndondomeko iyi.

Yambani ndi funso laling'ono

"Ndikufuna kufufuza za kuvutika maganizo pakati pa achinyamata a mu Zimbabwe" si funso limene munthu angakupatsireni ndalama. Lakula kwambiri, ndipo wowerenga adziwiratu kuti simungalimalize. Lichepetseni mpaka likhale ndi anthu ake, malo ake ndi nthawi yake: atsikana a zaka 15 mpaka 19 amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba ku Epworth, kapena anyamata amene akuyesa kusiya mankhwala osokoneza bongo a mutoriro ku Mbare, ndi chimene chimawabwezera m'mbuyo pakatha miyezi itatu.

Musanalembe kalikonse, werengani zimene zachitika kale mumzinda muno, chifukwa n'zambiri. Friendship Bench, ntchito ya Dr. Dixon Chibanda yopereka uphungu pa benchi ku kiliniki, inayambira ku Mbare, ndipo kafukufuku wake wa m'makiliniki 24 a mu Harare, wa anthu 573, anatuluka mu magazini ya JAMA mu 2016. Anasonyeza kuti agogo ophunzitsidwa bwino angathe kuthandiza anthu ovutika maganizo. Pali Zvandiri, imene imagwiritsa ntchito achinyamata okhala ndi HIV kuti azilangiza anzawo. Palinso mafunso 14 a Shona Symptom Questionnaire amene amayezera kuvutika maganizo. Pempho lanu linene poyera pamene ntchito zimenezi zinalekezera ndi pamene inu mukuyambira.

Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi umene sitiuwerengera. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a dziko lino a 2013, ndipo mabanja amene makolo awo anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique adzaza ku Tafara, ku Mabvuku ndi ku Mufakose. Mnyamata amene akulephera kupeza chitupa chifukwa mapepala a agogo ake sanalongosoke ali ndi nkhawa yakeyake, ndipo angaiulule msanga kwa munthu amene angalowe pakhomo n'kulonjerana ndi agogowo m'chilankhulo chawo. Ngati munthuyo ndinu, lembani zimenezo m'pempho. Ku Malawi mafunso a PHQ-9, amenenso amayezera kuvutika maganizo, anamasuliridwa kale m'Chichewa ndi kuyesedwa, choncho simuyambira pansi.

Pezani kholo ndi nyumba

Opereka ndalama zikuluzikulu sapereka kwa munthu payekha. Zimadzera ku bungwe limene lili ndi ofesi yosunga ndalama za kafukufuku, monga University of Zimbabwe, Biomedical Research and Training Institute kapena CeSHHAR Zimbabwe. Pitani mukaonane nawo msanga, mufunse ngati angakusungeni ndiponso gawo limene amadula pa ndalamazo.

Mufunikanso mlangizi, munthu amene anapambanapo thandizo lotere. Pomulembera musanene kuti "ndithandizeni" basi. Tumizani tsamba limodzi lokhala ndi funso lanu, njira yanu ndi chimene mukupempha kwa iye. Sankhani amene adzawerengadi zolemba zanu n'kuzibweza zitadzaza inki yofiira. Dzina lotchuka la munthu wosayankha foni silikupindulitsani kanthu.

Dziwani khomo logogoda

AMARI, pulogalamu imene inakhazikitsidwa kuti iphunzitse ofufuza za umoyo wa m'maganizo ku Zimbabwe, Malawi, Ethiopia ndi South Africa, yakhala ikuthandiza ophunzira a digiri yachiwiri, a PhD ndi amene angomaliza kumene. Wellcome, bungwe la ku London lopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo, inaika umoyo wa m'maganizo pa zinthu zimene imaziika patsogolo, ndipo ili ndi thandizo la ofufuza ongoyamba. Fogarty International Center ya ku America ndi Science for Africa Foundation ya ku Nairobi ndi makomo enanso. Malamulo awo amasintha chaka ndi chaka, ndiye werengani chilengezo cha chaka chomwecho mzere ndi mzere, makamaka za zaka zimene zadutsa chimalizireni digiri. Tsegulaninso nambala ya ORCID, imene imazindikiritsa wofufuza aliyense pa intaneti. Ndi yaulere ndipo ambiri amaifuna.

Langizo langa ndi lakuti muyambe ndi kandalama kochepa ka miyezi 6 kapena 12. Mukafunsa achinyamata 30 n'kutulutsa pepala limodzi, pempho lanu lachiwiri limakhala ndi poimira.

Achinyamata akhale nawo kuyambira pachiyambi

Wellcome ndi ena amafuna kuona kuti anthu amene anadutsamo m'mavutowa athandiza kukonza kafukufukuyo. Musachite zongokwaniritsa lamulo. Sonkhanitsani achinyamata 5 kapena 6, muwawerengere mafunso anu mokweza, muone pamene akuseka ndi pamene akuyang'ana pansi. Adzakuuzani kuti kukiliniki sangabwere Lolemba m'mawa chifukwa azakhali awo amakhala pamzere wa mankhwala pomwepo. Nthawi yawo muilipire, ndipo ndalamayo ioneke mu bajeti.

Zilolezo: apa musafulumire

Kafukufuku wa zaumoyo wokhudza anthu amafuna chilolezo cha Medical Research Council of Zimbabwe. Amene ali pansi pa sukulu ya zachipatala ya University of Zimbabwe kapena chipatala cha Parirenyatwa amayamba ndi JREC, komiti yawo yoona kuti kafukufuku akuteteza otenga nawo mbali. Makiliniki a khonsolo amafuna kalata ya nthambi ya zaumoyo ya mzinda wa Harare, ndipo m'sukulu simungalowe popanda chilolezo cha unduna wa maphunziro a pulayimale ndi sekondale. Zonsezi zimatenga miyezi, choncho ziikeni pa kalendala ya ntchito.

Mwana wosakwana zaka 18 ayenera kuvomera iye mwini, komanso kholo kapena womulera ayenera kusaina. Taganizirani mtsikana wa zaka 16 amene mayi ake ali ku Johannesburg, akukhala ndi agogo osadziwa kuwerenga. Adzasaina ndani? Fomuyo mudzawawerengera m'chilankhulo chiti, ndipo mboni idzakhala ndani akamadinda chala? Yankho likhale m'pempho.

Chachikulu kuposa zonse ndi ichi: wachinyamata akakuuzani kuti akuganiza zodzipha, mudzachita chiyani ola lomwelo? Lembani amene adzakhale naye, namwino amene mudzamuitane, galimoto imene idzamutengere ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central Hospital, ndi amene adzamuyendere mawa lake. Ine ndikanakhala wowunika, pempho lopanda ndime imeneyi ndikanalibweza ngakhale litalembedwa bwino chotani.

Bajeti ndi kutumiza

Lembani bajeti m'ndalama imene woperekayo watchula, ndipo mufunse ofesi ya zachuma momwe adzalipirire zinthu pakati pa madola a ku America ndi ZiG, ndalama ya dziko lino. Musaiwale zing'onozing'ono: ndalama ya kombi ya otenga nawo mbali, data, chakumwa, malipiro a zilolezo, omasulira, ndi olemba zojambulidwa, poti kucheza kwa ola limodzi kumatenga maola angapo kuti kulembedwe. Ikanimonso malipiro anu ngati malamulo akulola.

Malizani kulemba kutatsala milungu itatu kuti tsiku lomaliza kulandira mapempho lifike, chifukwa bungwe lanu liyenera kusaina musanatumize. Patsani munthu amene si wa ntchito yanu awerenge ndime yoyamba. Akalephera kukuuzani chimene mukufuna kuchita, ilembeninso. Tumizani kutatsala masiku awiri, magetsi ndi intaneti zisanakuchiteni chipongwe. Akakukanani, pemphani ndemanga za owunika, mukhale pansi ndi mlangizi wanu sabata yomweyo, mukonze pempholo kuti lipite ku khomo lotsatira.