Momwe mungapimitsire sitandi yanu musanajambulitse pulani ya nyumba kuno ku Harare

Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ku Mufakose, alamu anga anandikokera pansi pa mtengo nkhope ili yakugwa. Apeza sitandi, ndalama ya pulani asonkha, koma wojambula mapulani wawabweza kuti abwere ndi "topo". "Alamu, inu munamangapo, topoyo n'chiyaninso? Si njira yongondidyera ndalama imeneyi?" Ndinaseka, chifukwa inenso ndinkaganiza choncho, mpaka chimbudzi cha nyumba yanga chinandiphunzitsa.

Topo ndi mapu a sitandi yanu osonyeza pomwe nthaka yakwera ndi pomwe yatsika, komanso chilichonse chimene chili pamenepo: miyala, mitengo, chulu, ngalande, mapolo a magetsi, msewu, ndi mapaipi. Ndi yosiyana ndi kupima malire. Za malire zimathera ku ofesi ya Surveyor-General, ndipo amene amaloledwa kukhoma kapena kubwezeretsa zikhomo za malire ndi saveya wolembetsedwa mwalamulo basi. Topo ndi ya wojambula pulani ndi injiniya, kuti adziwe nthaka imene akuikapo nyumba.

Yambani ndi mapepala

Musalipire saveya musanatsimikize kuti sitandiyo ilipodi. Tengani nambala yake, mufunse kukhonsolo ngati mapu a dera lonselo anavomerezedwa, ndipo mupeze kope la diagram kapena general plan (mapu ovomerezeka osonyeza malire a sitandi). Tonse tikudziwa za ma land baron amene agulitsa mabwalo a sukulu ndi madambo mu tauni muno, mpaka boma linakhazikitsa komishoni ya Justice Tendai Uchena kufufuza za kugulitsidwa kwa malo a boma. Nyumba zagumulidwa anthu akuona. Saveya angakupimireni bwinobwino malo amene si anu, iye n'kulandira zake n'kumapita.

Za dambo ndinenepo pang'ono. Sitandi muzikaiona mu Januwale kapena Febuluwale mvula ili pakati, osati mu Okutobala pamene paliponse pauma gwa. Mukaona dothi lakuda lija limang'ambikang'ambika pakauma, kapena bango likumera pakona, dziwani kuti madzi amagona pamenepo. Malo oterowo a EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ali ndi mawu, ndipo ngakhale atakulolani, maziko ake adya ndalama zoti mukanamangira zipinda ziwiri.

Pezani zikhomo

Izi sizivuta. Lambulani udzu m'makona, mufufuze kachitsulo kokhomedwa mu simenti. Zikasowa, itanani saveya wolembetsedwa. Chokhacho, musakhulupirire durawall ya aneba. Khoma lija linamangidwa ndi munthu, ndipo munthu amatha kulowa theka la mita kwanu akumwetulira.

Kusankha wopima, ndi pomwe ine ndinagwera

Sitandi yanga ili kumadzulo kwa tauni, ndipo ndi maso imaoneka yathyathyathya ngati bwalo la mpira. Wojambula pulani atatchula topo, ndinafunsa mitengo kwa anthu awiri atatu, ndinaona kuti yandikulira. Kenako mnzanga wina anandilozera mnyamata amene ankati amagwira ntchito ndi masaveya, wotchipa kwambiri. Anabwera Loweruka masana atavala chovesiti chowala, tepi m'manja, foni m'thumba. Anayenda m'makona anayi, anaima pakati, anajambula zithunzi, mphindi 40 zisanakwane anali atakwera kombi. Lolemba ananditumizira pepala pa WhatsApp lokhala ndi mizere yokhotakhota yokongola. Ine kukondwa, ndati ndapulumutsa ndalama ya simenti.

Chimene sanachite n'kutsegula chivundikiro cha manhole, dzenje lija loonerapo paipi ya suwa yotenga zonyansa za m'chimbudzi. Paipi ya suwa imadutsa kumbuyo kwa sitandi yanga, ndipo kumbuyoko n'kokwera pang'ono kuposa kutsogolo, mwina kufika m'bondo, zimene diso silingaone udzu ukakhala wautali. Pepala la mnyamata uja linasonyeza ngati malo onse ndi ofanana. Wojambula anaika bafa ndi chimbudzi cha kutsogolo, pulani inadutsa, tinakumba maziko.

Tsiku limene pulambala anabwera kudzaona njira ya mapaipi sindidzaliiwala. Ndi bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Anatsegula chivundikiro chija ndi chitsulo, analowetsa ndodo mpaka pansi pomwe madzi amayenda, anaika chala pomwe ndodo yalekezera. Kenako anatenga kapaipi kapulasitiki koonekera mkati, anathiramo madzi, mbali ina anapatsa mnyamata wake, ina anagwira yekha pa chingwe cha silabu. Anayang'ana madziwo nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti, "Bambo, zonyansa zanu mukufuna zizikwera phiri?"

Masamu ake ndi awa. Iye amafuna paipi izitsika mita imodzi pa mamita 40 alionse. Kuchoka pa chimbudzi changa kukafika pa manhole panali mamita pafupifupi 20, ndiye kuti paipi inafunika kutsika theka la mita. Koma pansi pa manhole panali pafupifupi mulingo umodzi ndi pomwe paipi yanga ikanatulukira m'nyumba. Madzi sakanayenda.

Tinakweza nyumba yonse. Mizere ina ya njerwa pa maziko kuzungulira, malole a gelevulo wothira mkati, kubwereka makina otsendera dothi, masitepe pakhomo amene sanali pa pulani, ndi kubwerera kwa wojambula kuti akonze mapepala n'kukawaperekanso. Ndalama imene ndinkathawa kwa saveya weniweni ndinailipira kangapo, osawerengera miyezi iwiri mmisiri atapita kukagwira kwina. Mnyamata uja foni yake inasiya kulowa. Mayi a kunyumba mpaka lero akamakwera masitepe aja ndi ndowa ya madzi amandiyang'ana osanena kanthu.

Ndiye inu chitani chonchi. Wopima abwere ndi makina enieni, total station ya pa miyendo itatu ija kapena GPS ya masaveya yokhala pa ndodo. GPS ya mu foni imaphonya ndi mamita angapo, pamene nkhani ya suwa ndi ya masentimita. Mufunseni dzina la saveya kapena kampani imene isaine ntchitoyo, ndipo mupemphe kuona topo ina imene anapangapo. Musanalipire kalikonse, mulemberane zimene apime, ndipo pa mndandandawo pasasowe izi: mulingo wa chivundikiro cha manhole ndi wa pansi pake (amati invert level, liwu limeneli muligwire), mulingo wa pakati pa msewu ndi wa ngalande ya m'mbali mwake, pomwe paipi ya madzi ikulowera, mawaya a magetsi a ZESA odutsa pamwamba, ndi nthaka ya aneba mamita angapo kupitirira malire, kuti mudziwe kumene madzi a mvula azichokera. Kumene kulibe suwa, muuzeni pomwe mukuganiza kuika septic tank ndi chitsime kapena borehole, apime bwino mbali imeneyo. A ku Epworth ndi madera ena a miyala, mwala uliwonse wotuluka pansi ulembedwe, chifukwa kuswa mwala ndi mtengo wina.

Tsiku lopima mukhalepo nokha, osatuma mwana. Chivundikiro chitsegulidwe inu mukuona. Mumuuzenso akusiyireni chikhomo chimodzi cholimba pakona, pomwe lole siponda, alembe mulingo wake pa mapu. Mmisiri adzayambira pamenepo poyeza silabu. Mukaona manambala ngati 1,480 musadabwe, ndi mamita a kutalika kuchoka pa nyanja yamchere, Harare ili pamtunda. Ena amangoyambira pa 100, zilibe kanthu bola chikhomocho chilipo.

Pa mitengo sindikuikirani nambala, imatengera kukula kwa sitandi, mtunda, ndi thengo limene lilipo. Funsani atatu. Mukalambula udzu nokha mtengo umatsikako, ndipo mukagwirizana ndi aneba awiri atatu kuti apimiretu tsiku limodzi umatsikanso. Polipira, theka poyamba, theka polandira ntchito.

Polandira ntchito

Musalandire chithunzi cha pa WhatsApp ngati ine. Pemphani PDF yosindikiza ndi fayilo ya DWG imene wojambula amatsegula pa kompyuta yake. Muone ngati pali muvi woloza kumpoto, sikelo, deti, ndi nambala ya sitandi yanu. Mukatero mupatseni wojambula, ndipo mumufunse funso limodzi: silabu ikhala pamwamba bwanji poyerekeza ndi msewu ndi manhole? Akayamba kukanda mutu, ndiye kuti topo sanaitsegule.

Zotsalazo ndi kuyenda ndi kudikira. Mapulani a mu City of Harare amapita ku maofesi a khonsolo ku Cleveland House mu Leopold Takawira Street, pamodzi ndi umboni woti sitandi ndi yanu, ndipo ngongole ya kukhonsolo muyambe mwaithetsa. A ku Chitungwiza, Ruwa ndi Epworth muli ndi makhonsolo anuanu. Wina akakuimitsani panja n'kunena kuti akudutsitsirani pulani mawa lomwe, mudutseni, kalipireni pa kauntala mulandire lisiti. Pulani ikatuluka ndi chidindo, itanani inspekitala pa gawo lililonse, maziko asanathiridwe konkire ndiponso mapaipi asanakwiriridwe.

Alamu anga saveya wawo akubwera Lachisanu. Chitsulo chotsegulira manhole ndawabwereka kale.