Momwe mungazindikirire masitampa achinyengo musanatulutse ndalama

Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mumayenda zithunzi za timapepala ta masitampa towala bwino: mikango, agulugufe, masitima apamtunda, akatswiri a mpira. Wogulitsa amati ndi osowa, mtengo wake udzakwera, ndiye tumizani ndalama pa foni lero lomwe. Ambiri mwa masitampa otere sanalowepo mu positi ofesi iliyonse, ndipo tsiku lomwe mudzafune kuwagulitsa simudzapeza wogula. Nazi njira zowayezera, kuyambira zosalira ndalama.

Choyamba, siyanitsani mitundu itatu

Mtundu woyamba ndi sitampa yeniyeni. Imatulutsidwa ndi bungwe la positi la dziko, monga Zampost kuno ku Zambia, imagulitsidwa pa kauntala, ndipo imanyamula kalata.

Wachiwiri ndi sitampa yosaloledwa. Munthu wina kunja uko amasindikiza dzina la dziko lenileni popanda chilolezo cha dzikolo. Chitsanzo chodziwika ndi Somalia: ntchito ya positi inagwa boma litagwa mu 1991, koma masitampa olembedwa dzina la dzikolo anapitiriza kuoneka pamsika. Malawi, Rwanda ndi Congo nawonso akhala akuberedwa dzina chonchi, komanso zigawo za Russia monga Tuva zimene sizitulutsa masitampa awoawo. Sitampa yotereyi ndi pepala lachithunzi chabe.

Wachitatu ndiye wovuta, chifukwa ndi wololedwa koma wochuluka mopyola muyeso. Boma limapangana ndi kampani yakunja, kampaniyo imajambula, imasindikiza, imagulitsa kwa osonkhanitsa masitampa ku Ulaya, ku America ndi ku Asia, boma n'kulandirako kangachepe. Khalidweli ndi lakale. M'zaka za m'ma 1890 Nicholas Seebeck ankasindikizira masitampa aulere mayiko a Ecuador, El Salvador, Honduras ndi Nicaragua, posinthana ndi ufulu wogulitsa otsala ndi kusindikizanso ena. M'zaka za m'ma 1960 mpaka 1972 timadera ta ku Arabia monga Ajman, Fujeira ndi Manama tinatulutsa masitampa zikwizikwi, chonsecho Manama unali mudzi waung'ono chabe. M'zaka zaposachedwa mayina a Guinea, Guinea-Bissau, Togo, Sierra Leone ndi anansi athu a Mozambique aoneka pa masitampa mazanamazana pachaka. Palibe dziko lomwe anthu ake amalemba makalata ofuna mitundu yonseyo, makamaka pano pamene uthenga uli pa foni.

Werengani zolembedwa pasitampapo

Musanaone chithunzi, onani mawu ndi manambala. Dzina la dziko liyenera kulembedwa monga dzikolo limadzilembera: Mozambique imalemba Moçambique, ndipo mtengo umakhala m'ma metical. Dzina lolakwika chilembo chimodzi, kapena la malo omwe alibe positi yawoyawo, n'lokwanira kuti mubweze dzanja.

Pa masitampa a kwathu kuno ndalama imathandiza kwambiri. Oyamba a Zambia anatuluka pa 24 Okutobala 1964 ndipo mitengo yake inali m'mapeni ndi masheleni. Kwacha ndi ngwee zinayamba mu Januwale 1968. Kwacha itagwa mphamvu mitengo inafika m'mazana ndi m'zikwi, kenako pa 1 Januwale 2013 maziro atatu anachotsedwa. Ndiye sitampa ya 1965 yolembedwa ngwee, kapena ya 2016 yolembedwa K5000, ikudzitsutsa yokha. Osindikiza mwachinyengo nthawi zambiri sadziwa mbiri ya ndalama ya dziko lomwe akulibera dzina, amangoika nambala yooneka bwino.

Kenako funsani ngati chithunzicho chili ndi ubale ndi dzikolo. Nkhwazi, mathithi a Mosi-oa-Tunya, nyamalikiti za ku Luangwa, mkuwa, zonsezi n'zomveka pa sitampa ya Zambia. Koma mukaona zimbalangondo za kumadzi oundana, oimba a ku America ndi magalimoto a mpikisano zonse pa pepala limodzi la dziko la ku Africa, dziwani kuti analinga thumba la wogula wakunja. Chizindikirochi pachokha sichikuuzani ngati ndi yosaloledwa kapena ndi yololedwa yochulukitsa, koma chimakuuzani kuti musafulumire.

Tembenuzani muone kumbuyo

Apa ndi pamene ambiri amagwidwa. Sitampa imene inanyamula kalata inanyowetsedwa n'kumatidwa, choncho ikachotsedwa pa envelopu guluu wakumbuyo amakhala atatha. Chidindo chake chimakhala chopendama, pena chothimbirira, ndipo chimaonetsa dzina la positi ofesi ndi tsiku.

Tsopano muone sitampa yokhala ndi chidindo kutsogolo koma guluu wakumbuyo ali wosalala, wonyezimira ngati watsopano. Imeneyo osonkhanitsa amaitchula CTO, kutanthauza kuti inadindidwa dala isanagulitsidwe. Chidindocho chimagwera pakona mwaudongo, gawo limodzi mwa magawo anayi a bwalo, chifukwa chidindo chimodzi chimamenyedwa pamene masitampa anayi akumana. Pena sichidindo n'komwe, chinasindikizidwa limodzi ndi chithunzi. Ikani masitampa awiri kapena atatu a mtundu umodzi pafupipafupi: ngati chidindo chili pamalo amodzimodzi ndi tsiku limodzimodzi pa onse, sanapiteko ku positi. CTO sikuti nthawi zonse ndi chinyengo, mayiko ambiri ankachita zimenezi, koma mtengo wake ndi wotsika ndipo wogulitsa asakuuzeni kuti ndi yogwiritsidwa ntchito.

Pogwira sitampa musagwiritse zala, thukuta limasiya banga lomwe limadzaoneka pakapita miyezi. Pezani kopanira kosalala kumapeto, osati kokhala ndi mano.

Yang'anani ndi galasi

Galasi lokulitsa kakhumi ndilokwanira, ngakhale kamera ya foni yabwino imathandiza. Nthawi zambiri pa sitampa yochokera ku kampani yodziwa ntchito, zilembo zing'onozing'ono za m'munsi zimakhala zakuthwa m'mbali. Pa yachinyengo zilembo zimaoneka zopangidwa ndi timadontho tamitundumitundu, ndipo chithunzi chimakhala chofufuma chifukwa anachitenga pa intaneti n'kuchikulitsa. Onaninso timabowo ta m'mphepete. Osonkhanitsa amawerenga timabowo tomwe tili mu masentimita 2, ndipo kataloji, buku la mndandanda wa masitampa, imalemba nambalayo, monga 13 kapena 14. Mukhoza kuwerenga ndi rula wamba. Ngati pepala limodzimodzi likugulitsidwa lokhala ndi mabowo, lopanda mabowo, lagolide ndi lasiliva, lililonse ndi mtengo wake, ndiye kuti akufuna mugule chinthu chimodzi kanayi. Tivomereze kuti ena achinyengo amasindikiza bwino kwambiri masiku ano, choncho galasi likapanda kupeza cholakwa musati nkhani yatha.

Fufuzani m'kaundula

Bungwe la positi la dziko lonse lapansi, Universal Postal Union, linakhazikitsidwa mu 1874 ndipo likulu lake lili ku Bern m'dziko la Switzerland. Dziko likapeza kuti dzina lake likuberedwa, limalembera ku Bern, ndipo bungweli limatumiza kalata yochenjeza kwa mamembala onse. Lembani pa Google dzina la dziko, chaka, ndi mawu akuti illegal stamps, muone ngati pepala lanulo lili pakati pa odandaulidwa.

Kuyambira mu 2002 bungweli lili ndi kaundula wotchedwa WNS, momwe mayiko amalembetsa masitampa awo enieni, iliyonse ndi nambala yake ndi chithunzi. Mukaipeza mmenemo ndi yololedwa. Mukapanda kuipeza musaweruze msanga, chifukwa si mayiko onse amalembetsa, ndipo masitampa a chaka cha 2002 chisanafike mulibe.

Makataloji akuluakulu ndi Stanley Gibbons ya ku Britain, Scott ya ku America, Michel ya ku Germany ndi Yvert et Tellier ya ku France. Pa masitampa a Zambia, Malawi ndi Rhodesia, ya Gibbons ndiyo imagwiritsidwa ntchito kwambiri. Ili ndi chizolowezi chothandiza: masitampa omwe akonzi aona kuti apyola zosowa za positi, kapena sanagulitsidwe kwa anthu wamba pa mtengo wolembedwa, amawakankhira kumapeto kwa mndandanda popanda kuwaika mtengo. Mabukuwa ndi odula, koma tsamba la Colnect limaonetsa zithunzi kwaulere. Pemphani wogulitsa akuuzeni nambala ya m'kataloji ndi dzina la katalojiyo. Wogulitsa weniweni amayankha pomwepo. Amene ayamba kunena za setifiketi yomwe anasindikiza yekha, kapena kuti otsala ndi awiri okha, msiyeni.

Ngati sitampayo yalembedwa Zambia ndipo ndi yazaka zaposachedwa, sungani chithunzi chake pa foni mupite nacho ku positi ofesi ya Chipata, Katete, Petauke kapena Lundazi, mufunse ngati anaigulitsapo pa kauntala. Akakayika, funso lipite ku likulu la Zampost ku Ndola.

Mukapeza kuti mwagula kale

Musawataye, komanso musawagulitse kwa mnzanu ngati enieni. Asiyanitseni ndi enawo, muwalembe kuti ndi osaloledwa, ana aphunzirirepo mayina a nyama. Musayese kumata pa kalata, chifukwa salipira positi. Ololedwa ochulukitsa aja mukhoza kusunga ngati chithunzicho chakusangalatsani, bola mugule pa mtengo wa chithunzi, osati ngati mukusungitsa ndalama.

Za m'bokosi la agogo

Kuno kum'mawa nyumba zambiri zili ndi makalata omwe abambo ndi amalume ankatumiza ali ku migodi ya Kitwe ndi Luanshya, ku Wankie kapena ku Joni. Northern Rhodesia inali ndi masitampa akeake kuyambira mu 1925, a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland anayamba mu 1954, ndipo chidindo cholembedwa Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, sichidzadindidwanso. Sitampa zambiri za nthawi imeneyo zinasindikizidwa zochuluka ndipo pazokha si zodula, koma envelopu yathunthu yokhala ndi chidindo chowerengeka cha kapositi kakang'ono ka kumudzi imafunidwa ndi osonkhanitsa mbiri ya positi.

Choncho envelopu yakale musaidule ndipo musamatule sitampa yake. Kuviika m'madzi kusiyireni masitampa wamba a masiku ano: madzi ofunda pang'ono m'mbale, mphindi 10 mpaka 15 kufikira sitampa itayandama yokha, kenako muyanike chafufumimba pa pepala loyera mumthunzi, ikauma muipanikize m'buku lolemera usiku umodzi. Pepala la envelopu lofiira kapena lobiriwira liviikeni palokha chifukwa limasuluka n'kudetsa enawo. Selotepi ndi guluu wa kusukulu zisayandikire. M'nyengo ya dzinja chinyezi chimamatitsa masitampa atsopano, ndiye mabuku osungiramo aimikeni chilili, osawasanjikiza, ndipo bokosilo likhale pamwamba, kutali ndi khoma lomwe chiswe chimakwera.