Kutemera nkhuku kumudzi: ntchito ya achinyamata yosafuna munda

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 17.5 miliyoni, anthu 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi, ndipo pafupifupi theka la anthu onsewa sanakwanitse zaka 18. Mnyamata kapena mtsikana akalemba mayeso a Fomu 4, kaya akalekera sukulu panjira, kawirikawiri munda wakewake alibe. Minda ili m'manja mwa makolo, ndipo ikagawidwa pamatsala kachigawo kosakwana n'komwe chimanga cha chaka. Ntchito yotemera nkhuku za anthu kuti zisafe ndi chitopa sifuna munda, mpamba wake ndi wochepa, ndipo makasitomala ake ali pakhomo lililonse pamene tambala amalira.

Chitopa, chimene ena amati chideru, chikalowa m'mudzi momwe nkhuku sizinatemeredwe chimatha kusesa makola m'masabata ochepa. Nkhuku imazyolika, mapiko ali lende ngati yavala jekete, imatsegula m'mimba zobiriwira, imapuma movutikira, ndipo zina zimapindika khosi. Zambiri zimangopezeka zitafa m'mawa. Mankhwala ochiza palibe. Makapisozi a anthu, tsabola kapena madzi a nimu sizipha kachilombo kameneka, ndipo ndalama zimene mabanja amataya pa zimenezi zikanakwana kutemera khola lonse.

Katemera woyenera kumudzi ndi wa I-2, amene anachokera ku kafukufuku wa ku University of Queensland ku Australia, ndipo kuno amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Ubwino wake ndi wakuti amapirirako kutentha kusiyana ndi akatemera ena, ndiye atha kufika kumudzi kopanda magetsi. Koma kupirira si kusawonongeka. Poyambira penipeni ndi ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, imene amaitcha EPA: kaonaneni ndi alangizi a ziweto, akuphunzitseni ndi manja, akuuzeni kogula katemera wodalirika, ndiponso akudziwitseni kwa mafumu. Wotemera amene alangizi ndi amfumu sakumudziwa amasowa womuyankhira tsiku limene pabuka dandaulo.

Pogula, onani tsiku limene mphamvu yake ithere, ndipo mukane botolo limene lakhala pa shelefu osati mufiriji. Mufiriji amakhala pozizira pa madigiri 2 mpaka 8, osati m'chipinda chopangira ayezi, chifukwa akauma gwa amawonongeka. Paulendo kulungani botolo m'kansalu konyowa, muliike m'kadengu kolowa mphepo, ndipo kansaluko muzikanyowetsa kakayamba kuuma. M'thumba la buluku, mujumbo yomangidwa kapena pa kaliyala ya njinga padzuwa, katemera amafa mwakachetechete. Choopsa chake n'chakuti botolo lakufa limaoneka chimodzimodzi ndi labwino. Masiku amene botolo lotsegula lingagwire ntchito alembedwa pa pepala lake. Atsatireni, ndipo chotsala chikapitirira masikuwo musachigulitse kwa munthu.

Katemeredwe kake n'kosavuta, koma pamafunika anthu awiri. Mwini nkhuku aigwire chammbali, dzanja lina litagwira miyendo ndi mapiko. Inu gwirani mutu, mutsegule diso ndi chala, botolo muliimike chilili, kamwa yake italoza pansi, ndipo mudonthezere dontho limodzi m'diso limodzi. Botolo likapendekeka dontho limachepa, nkhuku imalandira katemera wosakwanira. Musaitaye msanga: dikirani dontholo lilowe, muone nkhuku ikumeza. Ikapukusa mutu dontho n'kugwera pansi, bwerezani. Mulingo ndi umodzi kwa tambala, thadzi ngakhale mwanapiye wa tsiku limodzi. Ntchitoyi ichitikire pamthunzi, m'mamawa nkhuku zisanatuluke, choncho eni ake auzidwe dzulo lake kuti asatsegule khola. Kuthamangitsa nkhuku zomwe zabalalika kale kumadya tsiku lonse. Kamwa ya botolo isakhudze diso, ndipo musaitsuke ndi sopo kapena mankhwala ophera tizilombo, poti katemerayu ndi wamoyo. Nyama ndi mazira zikhoza kudyedwa tsiku lomwelo.

Chitetezo chimakhwima pakadutsa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo chimayamba kuchepa pakatha miyezi inayi. N'chifukwa chake amatemera katatu pachaka, kawirikawiri mu Marichi, Julayi ndi Novembala. Wa Julayi musamuphonye, chifukwa ndiye amateteza nkhuku m'miyezi yotentha mvula isanagwe, nthawi imene matendawa amakonda kubuka.

Apa ndi pamene otemera ambiri atsopano amagwa. Anthu amakumbukira katemera nkhuku zikayamba kufa kwa aneba, ndipo amabwera ndi ndalama m'manja kukuchondererani. Kanani mwaulemu. Nkhuku imene yatenga kale kachilombo imatha masiku angapo ikuoneka yathanzi. Mukaitemera n'kufa mawa lake, mudzi wonse udzati katemera wanu ndiye wapha, ndipo mbiri yotere imayenda msanga kuposa njinga yanu. Komanso mukalowa m'khola lodwala, nsapato, zovala ndi manja anu zimanyamula matendawo kupita nawo khomo lotsatira. Mukapeza nkhuku zodwala, siyani kutemera m'mudzimo, kadziwitseni alangizi, ndipo langizani eni ake kukwirira kapena kutentha zakufa, osataya nthenga ndi matumbo kudzala kumene agalu ndi nkhuku zina zimafika.

Nenaninso poyera, musanadonthezere ndi imodzi yomwe, kuti katemerayu ndi wa chitopa chokha. Sateteza ku tizilonda ta kumutu, njoka zam'mimba, utitiri kapena mphamba. Mayi amene anamva zimenezi pachiyambi sadzakuimbani mlandu anapiye ake akafa ndi zina.

Za ndalama, musagule botolo musanawerenge nkhuku. Kutatsala masabata awiri kuti mutemere, pemphani amfumu aitanitse msonkhano, lengezaninso kutchalitchi, kumzikiti ndi ku magulu a banki m'khonde, kenako yendani khomo ndi khomo ndi kope. Lembani dzina la mwini, chiwerengero cha nkhuku ndi ndalama zimene wapereka. Tiyerekeze kuti mwalemba mabanja 40, lililonse nkhuku 10: ndi madontho 400. Phatikizani mtengo wa katemera, thiransipoti yokamutenga ndi malipiro a masiku amene mugwire ntchito, mugawe ndi 400, ndiye mwapeza mtengo wa nkhuku imodzi. Onjezerani pang'ono chifukwa madontho ena amatayika. Ngongole ya "ndidzakupatsani ndikagulitsa soya" ndi imene imathetsa mpamba. Ndi bwino kulandira mazira kapena nkhuku imodzi m'malo mwa ndalama. Ndalama yogulira botolo lotsatira ichotsedwe poyamba ndipo isungidwe ku gulu, isanasanduke mayunitsi a foni.

M'mabanja ambiri nkhuku zili m'manja mwa amayi, ndipo ndiwo amadziwa kuti thadzi liti likufungatira ndi liti lasowa. Gulu la anyamata okhaokha limene limangolankhula ndi abambo limalemba manambala olakwika. Ikani atsikana pakati pa otemera, kuphatikizapo amene anabereka ali aang'ono n'kusiya sukulu, chifukwa ntchito ya m'mamawa ya masiku ochepa imatheka ngakhale uli ndi mwana. Mnzanu wolumala amene sangayende mtunda wautali akhoza kusunga kope, ndalama ndi kuimba mafoni okumbutsa anthu, ndipo gawo lake la phindu likhale lolembedwa m'malamulo a gulu. Makomo a agogo ndi a mabanja osowa, amene ali ndi nkhuku zitatu kapena zinayi, musawadumphe poti ndalama yake ndi yochepa. Nkhuku za m'mudzi zimadyera pamodzi, ndipo zosatemera zikachuluka matenda amapeza pokhalira.

Kutemera katatu pachaka pakokha sikungadyetse munthu miyezi 12, ndipo tisanamizane pamenepa. Phindu lalikulu limabwera chifukwa nkhuku zikasiya kufa zimachuluka, ndipo wotemera ndi amene amadziwa khola lililonse. Atha kusonkhanitsa nkhuku za anthu n'kukazigulitsa pamodzi kumalo ochitira malonda nyengo ya Khirisimasi kapena Idi, kuluka madengu ovundikira anapiye m'masabata awo oyamba, kusakaniza madeya ndi soya wokazinga n'kumagulitsa ngati chakudya cha anapiye, kapena kuweta nkhuku za Mikolongwe n'kumagulitsa atambala obereketsa. Soya wosakazinga musawapatse, amasokoneza kugaya chakudya ndipo anapiye amapinimbira. Nkhuku iliyonse yochokera kumsika kapena kumudzi wina ikhale payokha masabata awiri, itemeredwe ngati ili bwino, kenako isakanizidwe ndi zinzake. Yobwerera kumsika osagulidwa nayonso ilowe m'khola lapadera lomwelo.