Chimfine chosatha chija, onaninso nkhani ya vitamin D

Abale, ngati m'mawa uliwonse mumangoyetsemula, mphuno kuyabwa, mamina amadzimadzi koma thupi osatentha, nthawi zambiri imeneyo ndi allergy (thupi kudana ndi zinthu zina monga fumbi), makamaka mwera ukayamba kuwomba kapena fumbi la Okutobala lija. Ofufuza anaona kuti ambiri odwala chonchi vitamin D amakhala wochepa m'thupi, ndipo vitamin ameneyu amathandiza kuti chitetezo cham'thupi chiziyenda bwino.

Mwina mukuti kuno ku Mangochi dzuwa lake lomweli munthu angasowe bwanji vitamin D? Zimatheka ndithu, ena timangokhala mushopu kapena muofesi tsiku lonse, ena timavala zofunda thupi lonse, komanso khungu lakuda limafuna nthawi yotalikirapo kuti lipange vitamin ameneyu. Ndiye muziwothako dzuwa pakhonde kapena kuseri kwa mpanda mikono ndi miyendo ili pamtunda, pang'ono chabe tsiku lililonse, osadikira kuti liwotche. Lodutsa pagalasi la windo silithandiza ayi. Pa ndiwo, nsomba zamafuta ndi mazira zisamasowe, dzira mudye ndi chikasu chake chomwe.

Koma fumbilo musaliiwale. Wazani madzi musanasese, matilesi ndi mabulangete muziyanika panja, utsi wa nkhuni muziutalikira. Mphuno tsukani ndi madzi owiritsa atazizira, mukapu imodzi ya madziwo muthiremo theka la supuni yaing'ono ya mchere.

Mapilitsi a vitamin D chonde musamangogula n'kumamwa, akachuluka amawononga impso. Pitani kuchipatala akuoneni kaye, ndipo mukamabanika kapena kulira m'chifuwa pitani tsiku lomwelo.